Ofesi Yozizira Popanda Kudya Magetsi Ambiri: Zimatheka Bwanji?

[Chithunzi: nyumba yagalasi m'mbali mwa nyanja]

Moni nonse, tikukulankhulani kuchokera kuno ku Kasungu. Nyumba mukuionayi ili ku Cape Town, pamalo otchedwa V&A Waterfront. Kale malowa anali a ntchito zapadoko ndi nkhokwe yaikulu ya mbewu, koma anawakonzanso, lero kuli maofesi, mahotela ndi masitolo. Dzina la nyumbayi ndi No. 1 Silo, inatha kumangidwa mu 2013, ndipo imazizira ndi madzi a m'nyanja ya Atlantic. Mapampu amakoka madzi ozizirawo, madziwo amayamwa kutentha kwa m'nyumbamo, kenako n'kubwerera kunyanja. Magalasi ake ndi ophatikiza, ndipo ali ndi zotchinga zomwe zimatsika zokha dzuwa likalunjika.

Mwina mukuti, nanga ife nyanja tiitenga kuti, poti chathu ndi damu la Chitete? Mwafunsa bwino. Tiyeni ku Harare, nakonso kulibe nyanja.

[Chithunzi: machumuni padenga la Eastgate Centre, kenako chulu cha m'munda]

Eastgate Centre inatsegulidwa mu 1996. Anajambula pulani yake ndi Mick Pearce, ndipo nzeru anaitenga ku chulu, chomwechi timalimbana nacho m'minda ya fodya. Usiku mafani amalowetsa mpweya wozizira, umadutsa m'mipata yomwe anasiya mkati mwa konkire ya pansi, konkireyo n'kuzizira. Masana anthu ndi makompyuta akayamba kutenthetsa m'maofesi, konkire ija imayamwa kutenthako pang'onopang'ono, mpweya wotentha n'kukwera kukatulukira m'machumuni. Chinsinsi chake n'choti Harare ali pamtunda, usiku kumazizira. Nafenso tili pamtunda woposa mamita 1,000, paja m'mwezi wa Juni timafunda mabulangete awiri.

[Chithunzi: ofesi ya malata, fani ili zii]

Tsono taonani momwe timamangira pa boma pano. Malata opanda siling'i, khonde lalifupi, chizenera chachikulu choyang'ana kolowera dzuwa. Ikakwana 2 koloko masana mu Okutobala, mlembi thukuta lili kamukamu, mapepala akumata padzanja, bwana atulutsa mpando kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndimati vuto si dzuwa ayi, ndi pulani.

Makoma a m'litali mwa nyumba aziyang'ana kumpoto ndi kummwera, kumadzulo kukhale mazenera aang'ono. Khonde litalike kuti mthunzi uphimbe galasi. Ikani siling'i, malata akhale owala, ndipo mazenera ayang'anizane kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka, bola muzinene mmisiri asanakumbe maziko. Khoma likaima ndiye basi, simungalitembenuze.

Nanga sola? Ibwere pomaliza. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mukukumbukira mdima womwe tinauona namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Choncho aliyense akufuna sola, ndipo sakulakwa. Koma makina oziziritsa m'chipinda amadya magetsi kuposa mababu, makompyuta ndi pulinta ya ofesi yaing'ono. Mukachotsa makina oziziritsawo pa mndandanda, mapanelo ndi mabatire ofunika kugula amachepa kwambiri, ndalama yotsalayo mukhoza kulipirira siling'i ija.