Fomu yomwe munaisiya dzulo mwina si yomwe mwaipeza lero

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo, nanunso achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ndikweza mawu chifukwa jenereta ikusokosa, magetsi atithawanso.

Ndiyambe ndi zomwe zinandigwera ine. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, ndinali m'gulu la olemba mabanja kumisasa. Tinkalemba pa foni ndi KoboCollect, pulogalamu yomwe imagwira ntchito ngakhale netiweki kulibe. Tsiku lina madzulo ndili pakati pofunsa mayi wina, mwana wawo anayamba kusanza. Tinalekeza pomwepo, ine ndikusunga ngati draft, kutanthauza fomu yosamaliza. Usiku womwewo a ku ofesi anawonjezera funso la anthu olumala. M'mawa ndinatsegula draft ija, ndikumaliza, ndikutumiza. Funso latsopano lija silinabweremo, chifukwa KoboCollect imatsegula draft ndi fomu yomwe munayambira, osati yatsopano. Pamene bambo a m'banjamo ankayendera ndodo ziwiri, ndinawaona ndi maso angawa atakhala pa chidebe pakhomo pa tenti. Pa kompyuta ya ku ofesi banjalo linkaoneka ngati mulibe wolumala. Zinanditengera masiku atatu kuti ndizindikire, ndipo ndinachita kubwererako wapansi.

Ndiye mumve bwino apa. Fomu ya pa intaneti siili ngati pepala loti mukalipinda n'kuika pansi pa matiresi mudzalipeza momwemo. Mwini wake amatha kuisintha nthawi ina iliyonse, inu mukugona.

Funso lililonse lili ndi mayina awiri. Lina ndi lomwe mumawerengalo, monga "Mumakhala kuti?" Lina ndi lobisika, lomwe kompyuta imagwiritsa ntchito, tinene kuti "mudzi". Zili ngati bokosi la ku positi. Yankho lanu ndi kalata, dzina lobisikalo ndi nambala ya bokosi. Akangokonza kalembedwe ka funso, kalata imafika bwinobwino. Koma akasintha nambala ya bokosi, "mudzi" n'kukhala "dera", kalata ija imasowa kolowa. Chimodzimodzi akachotsa yankho pa mndandanda wosankhapo. Munasankha "Ndirande", iwo agawa kukhala Makata, Malabada, Goliyo. Pa mafomu amene amatsegula draft ndi fomu yatsopano, mukabwerera mupeza mpata wopanda kanthu, ndipo ngati mukungodina "Next" mothamanga simuona.

Ambiri a inu simugwiritsa ntchito KoboCollect, ndikudziwa. Inu mumalandira link pa WhatsApp, ya ntchito kapena ya sukulu, n'kutseguka mu Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Apa funso loyamba ndi lakuti: zomwe ndalembazi zikusungidwa kuti? Mafomu ena amasunga m'foni momwemo, mkati mwa Chrome. Mdzukulu akabwereka foni n'kufufuta zinthu kuti apeze malo a mavidiyo, draft yapita. Mukayambira pa foni ya mnzanu n'kukapitiriza ku internet cafe ku Limbe, simuipezako. Google Forms imasunga kwa masiku 30, koma pokhapokha mutalowa ndi akaunti yanu ya Google. Enanso sasunga n'komwe, bandulo ikatha ndiye kuti mwayambiranso.

Eee mayi, funsani. Akuti kodi akangotsala ndi kudina "Submit", batani lotumizira fomu, ayambirenso kuwerenga zonse? Inde mayi, kuyambira pa dzina. Ndi mphindi zisanu zokha. Fomu yomwe yagona usiku musaikhulupirire. Onani ngati pabwera funso lachilendo, ngati pali mpata womwe munadzaza koma tsopano uli pululu, komanso ngati chithunzi cha chiphaso chanu chikadalipo. Mayankho aatali, monga aja amati fotokozani chifukwa chomwe mukufunira ntchitoyi, yambani mwalemba m'kope kapena mu Notes, kenako muzingokopera. Ine ndimajambulanso screenshot tsamba lililonse ndisanasiye. Anzanga amandiseka kuti ndine wachikale, komabe ine sindinalirepo pa tsiku lotseka.

Tsopano inu a komiti ndi a makalabu a achinyamata amene mwayamba kupanga mafomu anuanu, apa ndikulankhula ndi inu, ndipo sindikunyengererani. Vuto lambiri timayambitsa ndife opanga. Munthu waona kuti walakwitsa chilembo chimodzi, pompo wasintha fomu masana dzuwa likuswa mtengo, anthu khumi ali m'makwalala ndi ma draft awo. Dikirani madzulo. Lengezani pa gulu la WhatsApp kuti aliyense amalize ndi kutumiza zomwe ali nazo, kenako sinthani, kenako muwauze akoke fomu yatsopano. Dzina lobisika lija musalisinthe ntchito ili mkati. Ngati funso lalakwika, onjezani lina latsopano. Ndipo lembani tsiku pamutu pa fomu, kuti mnyamata ali ku Bangwe athe kukuuzani pa foni kuti yomwe ali nayo ndi ya liti.

Amene muli ndi mafoni tulutsani, mukhale awiriawiri. Ndatumiza link pa gulu lathu. Mudzaze mpaka funso lachinayi n'kusiya, ine ndisintha kena kake kuno, ndiye tione amene ayambe kuzindikira.