Maulendo atatu m'malo mwa anayi: chinsinsi cha network coding

Moni nonse. Tengani pepala ndi cholembera, lero tiwerengetsera limodzi.

Jambulani madontho atatu pamzere. Kumanzere ndi rauta A, kumanja rauta B. Rauta ndi chipangizo chotumiza ndi kulandira uthenga pa netiweki. Awiriwa atalikirana kwambiri moti samvana, ndiye pakati pawo pali R wowaperekera uthenga. Netiweki yotere, yomwe uthenga umayenda mopatsirana kuchoka pa chipangizo china kupita pa china, ndiyo amaitcha multihop.

Vuto lake nali. Onse akakhala pa tchanelo imodzi, wina akamatumiza, oyandikana naye amadikira. Zili ngati pabwalo la amfumu: mmodzi akaimirira, ena onse chete. A atumiza phukusi lake, kutanthauza kachigawo ka uthenga, kwa R. B nayenso atumiza. R apereka la A kwa B, kenako la B kwa A. Maulendo anayi.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pomwe ine pamandisangalatsa.

Tinene kuti A watumiza 1011, B watumiza 0110. R sapereka limodzilimodzi ayi. Amawasakaniza ndi masamu otchedwa XOR: mumayerekeza manambala awiriawiri, loyamba ndi loyamba, lachiwiri ndi lachiwiri; akafanana mumalemba 0, akasiyana mumalemba 1. Yesani panokha. Mupeza 1101. R aulutsa 1101 kamodzi kokha, ndipo onse awiri amva, chifukwa mafunde a wayilesi sasankha khutu.

Nanga A atani nacho chosakanizachi? Iye akadali nacho chake chija, 1011. Akachita XOR ya 1101 ndi 1011, chikutuluka ndi 0110, uthenga wa B wathunthu! B achitanso chimodzimodzi. Ntchito yomwe ija yatheka ndi maulendo atatu.

Maganizowa, omwe amatchedwa network coding, anawakhazikitsa mu 2000 ndi akatswiri anayi, Ahlswede, Cai, Li ndi Yeung, amene anaonetsa kuti chipangizo chapakati chikhoza kusakaniza uthenga, osangopereka chabe. Mu 2006 gulu la ku yunivesite ya MIT ku America, momwe munali Dina Katabi ndi Muriel Médard, linayesa zimenezi pa Wi-Fi yeniyeni ya zipangizo 20, m'njira yotchedwa COPE. Iwo anawonjezera nzeru ina: rauta iliyonse izisunga kwa kanthawi ngakhale mapukusi a ena omwe yangowamva, n'kuuza anzake zomwe ili nazo. R akadziwa zimenezo, atha kusakaniza mapukusi oposa awiri nthawi imodzi.

Koma ndisakunamizeni kuti phindu limabwera paliponse. Poyesa COPE pa UDP, njira yongotumiza mapukusi osadikira yankho, uthenga wodutsa unachuluka katatu mpaka kanayi. Pa TCP, njira yomwe imatsimikizira kuti phukusi lililonse lafika, phindu linali lochepa kwambiri, chifukwa zipangizo zosamvana zinkatumiza nthawi imodzi, mapukusi n'kuwombana, TCP n'kuchepetsa liwiro. Komanso R amafunika mapukusi ochokera mbali zosiyana. Ngati aliyense akungokoka mavidiyo kuchokera mbali imodzi, mzere wa mbali inayo umakhala wopanda kanthu, ndipo R amabwerera kukapereka limodzilimodzi.