Kugula katundu kunja pa intaneti: momwe mungapewere kuberedwa

Moni nonse amene mukutionera, makamaka inu a kuno ku Salima. Tiyerekeze msodzi wa ku Senga Bay amene wakhala akusunga ndalama za usipa kwa zaka ziwiri kuti agule injini ya boti. Tsiku lina akuona pa Facebook injini ya Yamaha yatsopano pamtengo wa theka la umene amamva ku Lilongwe. Wogulitsayo akuti ali ku Dubai, amayankha pa WhatsApp ngakhale pakati pa usiku, ndipo akuumirira kuti yatsala imodzi yokha, choncho ndalama zitumizidwe lero lomwe pa Western Union. Patatha sabata kukubwera uthenga wakuti katundu wagwidwa padoko la Dar es Salaam, pakufunika ndalama zina zomuwombolera. Injiniyo sinakhalepo n'komwe.

Chimene ndikufuna mumvetsetse ndi chakuti njira imene mwalipirira ndiyo imagamula ngati ndalama zanu zingabwerere. Za Western Union kapena MoneyGram zikangolandiridwa tsidya linalo, ndiye kuti madzi atayika, saoleka. Koma mukalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard, banki yanu ikhoza kukatsutsa malipirowo ngati katundu sanafike, ndipo nthawi zambiri mpata wodandaula umakhala wa masiku pafupifupi 120. Misika ya pa intaneti monga AliExpress ndi Alibaba ilinso ndi ndondomeko yobwezera wogula, koma imakutetezani pokhapokha mwalipirira mkati mwa msikawo. N'chifukwa chake wogulitsa akanena kuti mukamalizire pa WhatsApp kuti akuchotsereni mtengo, dziwani kuti akukutulutsani mumpanda.

Oitanitsa magalimoto ku Japan achenjere kwambiri, chifukwa ndalama zake ndi zambiri ndipo akuba amatengera dzina ndi zithunzi za makampani enieni. Mukalandira invoice (chikalata chosonyeza ndalama zoti mulipire ndi akaunti yolipirako), onetsetsani kuti dzina la akaunti ndi la kampaniyo, osati la munthu, ndiponso kuti banki yake ili ku Japan. Ikabwera imelo yonena kuti akaunti yasintha, musatumize kanthu musanaimbe nambala imene ili pa webusaiti yeniyeni ya kampaniyo. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko muno umaperekedwa ku bungwe lotolera misonkho la MRA ndipo pamakhala risiti, sutumizidwa pafoni ya munthu wosadziwika. Ndikudziwa kuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wotsika umakopa aliyense, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa ena kudzera m'njira zamseri, koma njira zotero sizisiya umboni wokadandaulira.

Nanga ngati mwaberedwa kale? Pitani ku banki tsiku lomwelo, osadikira mawa, mukapemphe kuti ayese kuitanitsa ndalamazo zisanatapidwe, kapena atsutse malipiro a pakhadi. Musafufute mauthenga chifukwa cha manyazi, pakuti ambiri amataya umboni motero. Jambulani zokambirana zonse, nambala za foni, dzina la akaunti ndi marisiti, mupite nazo kupolisi ya Salima mukatenge lipoti, limene banki ingathe kukufunsani. Apolisi ali ndi nthambi yofufuza milandu ya zachuma, ndipo lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa chinyengo chotere. Ngati mbali ina ya ndalama inadzera pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu wa konkuno amene amadzitcha ejenti wa wogulitsayo, dziwitsani kampani ya foniyo mwamsanga.

Pakapita masiku angapo mwina mudzalandira foni ya munthu wonena kuti ndi loya kapena wofufuza, amene angakubwezereni ndalama zanu mukayamba mwamupatsa kangachepe. Kawirikawiri amakhala akuba omwe aja, chifukwa nambala yanu ali nayo kale ndipo akudziwa kuchuluka kwa zimene munataya. Dulani foniyo, nambalayo mukaiwonjezere pa lipoti lanu la kupolisi.