Njinga ija munamugulira mwana, ndi yakapalasa kapena yamoto?

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo, makolo anzanga, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, ndakuonani, musazembe, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndiyambe ndi funso. Amene kunyumba kwanu kuli njinga yamagetsi imene mwana amakwera, kwezani dzanja. Eya, manja ndi ambiri ndithu. Musatsitse kaye. Amene mukudziwa kuti njingayo ikathamanga mpaka pothera imafika makilomita angati pa ola, dzanja lanu likhalebe m'mwamba. Mwaonatu? Manja atsika pafupifupi onse. Koma anyamata kumbuyoko akumwetulira, chifukwa iwo yankho akulidziwa bwino lomwe.

Ine sindinabwere kudzanyoza njinga zimenezi ayi. Ndi zabwino. Mwana amafika kusukulu nthawi yake, chitunda amakwera osatuluka thukuta, kholo limapumako ntchito yomuperekeza uku ndi uku. Vuto ndi lakuti dzina limodzi lomweli, njinga yamagetsi, tikuitanira zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo ambirife pogula sitinafunse kuti tikugula iti.

Yoyamba ndi njinga yakapalasa yomwe anangoiwonjezera kamota kothandiza miyendo. Ukapalasa, mota imakukankhako. Ukaleka kupalasa, nayonso imaleka. M'maiko a mgwirizano wa European Union, lamulo limati mphamvu ya mota yake isapitirire mawati 250, ndipo liwiro likafika makilomita 25 pa ola izizima yokha. Ku Britain malire ake ndi omwewo, ndipo wokwera ayenera kukhala wa zaka 14 kapena kuposerapo. Ku America madera ambiri anagawa njinga zamagetsi m'magulu atatu: magulu awiri oyamba mota imalekera pa makilomita 32 pa ola, gulu lachitatu limafika 45. Ku California gulu lachitatuli salola mwana wosakwana zaka 16 kuliyendetsa, ndipo chisoti ndi chokakamiza kwa aliyense wolikwera.

Yachiwiri ndiye imene yatisonkhanitsa pano. Ili ndi chopotokola pachogwirira, monga njinga yamoto. Zopalasira zikakhalapo zimangokhala zokongoletsa, ndipo zina zilibiretu. Maina monga Sur-Ron ndi Talaria ana anu amawadziwa kuposa maina a aphunzitsi awo. Zimenezo anazipangira kuthamanga m'tchire ndi m'mabwalo a mpikisano, zimalemera makilogalamu 50 kapena kuposa, ndipo zimatha kupitirira makilomita 70 pa ola. Imeneyo ndi njinga yamoto basi, kungoti simwa petulo ndipo silira. Mwana wanu wa zaka 13 atakuuzani kuti mundigulire njinga yamoto, mungamuyankhe kuti chiyani? Mungamuseke. Koma akanena kuti njinga yamagetsi, mumapisa m'thumba.

Palinso zapakatikati, zimene zimatuluka m'sitolo zili zofatsa koma zimasanduka zilombo zikafika m'manja mwa ana. Liwiro lija la 25 silichokera ku mphamvu ya mota yokha, ndi malire amene anaikidwa m'kakompyuta ka njingayo. Pa njinga zambiri zotchipa malirewo amachotseka mosavuta: kusintha manambala pa kagalasi ka pachogwirira, kudula kawaya kamodzi, kapena kulumikiza kachipangizo kogula pa intaneti. Mavidiyo ophunzitsa zimenezi ali mbwee pa YouTube ndi TikTok. Ku Netherlands njinga za matayala onenepa zija, zomwe amati fatbike, zinafika povuta moti apolisi amayenda ndi makina oikapo njinga n'kuyeza liwiro lake pomwepo pamsewu. Ndiye kholo likamanena kuti yathu ija ndi yofatsa, tinaiona pogula, ine ndimafunsa kuti mwaionanso liti?

Tsopano tiwerengere pang'ono, musadandaule, si masamu a mayeso. Munthu akamayenda makilomita 25 pa ola, pa sekondi imodzi amadutsa pafupifupi mamita 7. Pa 45, amadutsa mamita 12 ndi theka. Kuchokera pamene diso laona ngozi kufika pamene chala chagwira buleki, pamapita sekondi imodzi kapena kuposerapo, ngakhale kwa munthu watcheru. Ndiye pa 45 paja mwana amakhala atadutsa kale kutalika kwa magalimoto ang'onoang'ono atatu asanayambe n'komwe kuima. Akagwira buleki mpamene pali chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Mphamvu ya kugunda nayonso kanayi. Kugunda khoma pa makilomita 25 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamtunda wa mamita awiri ndi theka. Kugunda pa 50 kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita 10, kutalika kwa nyumba ya nsanjika zitatu. Pali kholo pano limene lingalole mwana wake kusewera padenga la nyumba yotero madzulo aliwonse, atavala kabudula ndi masilipasi?

Wina anganene kuti koma ana athu sapita kumsewu waukulu, amangozungulira m'misewu ya pakati pa nyumba. Apatu mpamene pandidetsa nkhawa kwambiri. Msewu wa pakati pa nyumba umaoneka wabata, koma nyumba iliyonse ili ndi geti, ndipo pageti lililonse galimoto ikhoza kutuluka chobwerera m'mbuyo, woyendetsa akuona theka lokha la msewu chifukwa cha mpanda. Pali magalimoto oimikidwa m'mbali amene chitseko chake chingatseguke nthawi iliyonse. Pali kamwana kothamangira mpira, galu, agogo amene makutu ayamba kuwavuta. Njinga yamoto yapetulo imadziwitsa anthu ikadali kutali. Iyi imangofika zii, ngati mthunzi.

Ndipo inu amene mumayendetsa galimoto, dzifunseni. Mukafika pamphambano n'kuona mwana ali panjinga chapatali, simuwerengera liwiro lake. Maso amangouza mutu kuti ndi njinga, ndi mwana, nthawi ilipo, ndikhote. Zaka zonse mwakhala mukuyendetsa, mwazolowera kuti mwana wapanjinga amachedwa kufika. Koma uyu akubwera pa liwiro la galimoto. Mukamamaliza kukhota, wafika kale pachitseko. Simunalakwe dala, mwanayonso mwina anali kumbali yake yoyenera. Chanamiza nonse ndi chinthu chooneka ngati njinga yakapalasa koma chikuyenda ngati yamoto. Woyendetsa galimoto uja asanaloledwe pamsewu anaphunzira malamulo, analemba mayeso, anayesedwa. Mwana wathuyu waphunzira kuti za amene ayenera kuyamba kudutsa pamphambano? Palibe anamuphunzitsa. Tinangomupatsa kiyi pa tsiku lake lobadwa n'kumujambula chithunzi.

Achinyamata, apa ndikunena za inu, koma sindikukunyozani. Manja anu ndi achangu kuposa anga, maso anu ndi akuthwa kuposa anga. Koma mbali ya ubongo ya kutsogolo kuno, pamphumi, imene imauza munthu kuti taima kaye, ganiza, imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Mbali yokonda zosangalatsa ndiye imakhwima msanga. Katswiri wina wa ku Temple University ku America, Laurence Steinberg, ndi anzake anayesa izi ndi masewera oyendetsa galimoto pakompyuta. Wachinyamata akamasewera anzake akumuonerera, ankachita zinthu zoika moyo pachiswe kwambiri kuposa akakhala yekha, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Ndiye kholo likamati mwana wanga ndi wofatsa, ndimamuona akutuluka pageti bwinobwino, likunena zoona. Pageti ali yekha. Pakona paja pali anzake asanu, wina wadzutsa tayala lakutsogolo, wina akujambula ndi foni, wina wakweza mnzake kumbuyo pa njinga imene mabuleki ake anapangira munthu mmodzi. Mwana wofatsa uja pamenepo ndi munthu wina.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Mwambi wabwino, ndipo pa zinthu zambiri ndimagwirizana nawo. Koma nyanga ya nsatsi ikafota, mwana amangolira n'kuiwala. Iyi siifota. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa matenda aliwonse. Phunziro la pamsewu nthawi zina limabwera kamodzi kokha, ndipo wophunzirayo sadzuka kuti aligwiritse ntchito.

Tinene mosabisa. Mwana wa zaka 14 sagula yekha njinga yodula chonchi. Ndalama inachoka kwa ife. Njingayo imagona m'nyumba mwathu. Batire amatchaja ndi magetsi amene timalipira ife. Ndiye mawu oti ana a masiku ano samva, pa nkhani iyi sakugwira. Tinagula chifukwa anzake onse ali nazo, chifukwa tinatopa ndi kulira kwake, ena chifukwa timafuna anthu aone kuti nafenso tikutha. Inenso ndine kholo, kukana mwana amene akukuyang'ana ndi maso achisoni ndikudziwa kuwawa kwake.

Komanso dziwani kuti zikavuta, lamulo silikagogoda kwa wogulitsa, likagogoda kwanu. Ku Britain njinga yopitirira malire aja amaiwerenga ngati njinga yamoto, yofunika laisensi, nambala ndi inshuwalansi, ndipo apolisi amatha kuilanda. Ku Netherlands mwana wosakwana zaka 14 akawononga chinthu kapena kuvulaza munthu, olipira ndi makolo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma funso la woweruza limafanana: anagula ndani, ndipo ankadziwa chiyani? Amene muli ndi inshuwalansi, kafunseni ngati imalipira ngozi ya njinga yochotsedwa malire, musadikire tsiku la ngozi kuti mukamve yankho. Ndipo ndalama ndi nkhani yaing'ono. Taganizani kukakhala pachipatala pafupi ndi banja la mayi wachikulire amene mwana wanu wamugunda, anthu oti mumapatsana moni m'mawa uliwonse.

Nanga titani? Choyamba, kwerani njingayo nokha. Inde, inuyo amayi, inuyo abambo. Pezani malo opanda anthu, muione pamene imathera. Ngati ikuyenda osapalasa mpaka kupitirira malire a lamulo, mwadziwa chimene muli nacho m'nyumba. Ndipo muziyesanso pakapita nthawi, chifukwa malire amene alipo lero mawa akhoza kuchotsedwa. Kenako yendani ndi mwanayo njira imene amadzera, inu pambuyo iye patsogolo, muone ngati amayang'ana asanalowe pamphambano, ngati amagwira mabuleki onse awiri, ngati amadziwa kuti msewu ukanyowa amafunika mtunda wautali kuti aime.

Za chisoti ndinenepo pang'ono, chifukwa apa ambiri timadzinamiza. Chisoti wamba cha njinga yakapalasa, pa muyezo wa ku Ulaya, amachiyesa pa kugunda kwa liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola. Njinga yothamanga 45 imafuna chisoti cholimba kuposa pamenepo, ndipo yothamanga ngati yamoto imafuna cha njinga yamoto, chophimba ndi chibwano chomwe. Chisoti chosamanga lamba chimauluka mutu usanafike pansi. Chopachika pachogwirira chimateteza chogwiriracho.

Mphamvu yanu yeniyeni ili pa batire. Pa njinga zambiri batire imachoka ndi kiyi. Simufunika kukuwa, simufunika kumuthamangitsa mumsewu. Gwirizanani pamaso: wopanda chisoti, wokweza mnzake, woyenda usiku opanda nyali, wokhudza malire a liwiro, batire ikukagona kuchipinda kwa makolo sabata yathunthu. Ndipo mukanena, chitani. Poti tatchula batire, musaitchaje usiku anthu mutagona, musaitchajire pakhomo potulukira, ndipo musagwiritse tchaja ya njinga ina. Mabatire a lithium, amene njingazi zimayendera, akayaka sazimitsika wamba. Ku New York m'chaka cha 2023 anthu 18 anafa ndi moto wa mabatire otere, ndipo mzindawo unaletsa kugulitsa njinga zamagetsi zosayesedwa mwalamulo.

Ndaona dzanja uko. Inde, amayi? Akufunsa kuti nanga mwana wa eni ake ukamuona akuuluka mumsewu, uzitani, poti makolo ena ukawauza amakutukwana. Zoona, zimachitika. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo njira yake ndi iyi: tigwirizane lero lomwe, tili pamodzi chonchi, kuti wobwera kudzatiuza za mwana wathu sitimutenga ngati mdani. Musakaike chithunzi cha mwanayo pa WhatsApp kuti gulu lonse limunyoze, kholo lochititsidwa manyazi limayamba kuteteza mwana wake m'malo momudzudzula. Pitani pakhomo, mukanene zimene mwaona, nthawi yake ndi malo ake, basi. Komanso makolo a ana amene amayendera limodzi, lamulo lanu likhale limodzi. Mwana savutika kumvera lamulo limene anzake onse ali nalo, amavutika akakhala yekha wovala chisoti pagulu.

Ndaona kuti panja paimikidwa njinga zingapo. Tikatseka msonkhano musabalalike. Eni ake mubwere nazo kutsogolo kuno pamodzi ndi makolo anu, tiwerenge zimene zalembedwa pa mota, tinyamule tayala lakumbuyo, tipotokole, tione nambala imene ituluke pakagalasi. Mnyamata wa malaya ofiira amene ukusuzumira kukhomo iwe, tiyambira yako. Zikomo a wapampando.