Malipiro Anatha, Ntchito Sinathe

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Agalatiya 6:9: "Koma tisaleme pakuchita zabwino, pakuti pa nyengo yake tidzatuta tikapanda kufooka." Ndime yotsatira ikupitiriza kutilangiza kuti pamene mpata ulipo tichitire anthu onse zabwino.

Ndimeyi timaikonda, ndipo ambiri tinailoweza tili ana ku Sande Sukulu. Koma kuiloweza n'kosavuta. Chovuta n'kuona mmene imaonekera ikakhala m'thupi la munthu kwa zaka 40 kapena kuposerapo. Ndiye lero tiyeni tipite kutali pang'ono, ku Canada, tikaone moyo wa mayi wina amene anatumikira odwala mpaka imvi zinadzaza m'mutu.

Kumadzulo kwa dziko la Canada kuli zigawo zitatu, Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta, zodziwika ndi zigwa zazikulu za udzu ndi minda ya tirigu. M'zaka za m'ma 1920 anthu osauka ochokera m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya ankalowera kumpoto kwa Alberta kukatsegula minda, kutali ndi msewu, kutali ndi chipatala. Kuyambira mu 1919 boma la Alberta linkatumiza anamwino kumadera opanda dokotala. Namwino ankakhala yekha m'kanyumba, nkumathandiza amayi kuchira, kumanga mabala, kuchezera odwala usiku wonse. Ambiri mwa amayi amenewa mayina awo sakumbukikanso, koma Mulungu akuwadziwa.

Mmodzi amene mbiri yake inasungika ndi Mary Percy. Anabadwa mu 1904 ku Dudley, ku England, ndipo anamaliza maphunziro a udokotala ku Birmingham mu 1927. Mu 1929 anaona chilengezo choti boma la Alberta likufuna madokotala aakazi odziwa zauzamba, oti akagwire ntchito kumidzi yakutali poyenda pa kavalo. Ali ndi zaka 24 zokha ananyamuka. Anayenda pa sitima, kenako pa bwato mumtsinje wa Peace, kenako pa ngolo, mpaka kukafika kudera la Battle River. Amene anawaperekeza kukawasiya kumeneko anali namwino wamkulu wa boma, Kate Brighty. Pepala lawo linali la udokotala, koma kumene anafikako kunalibe wosiyanitsa. Dokotala, namwino, mzamba ndi wozula mano anali munthu mmodzi yemweyo.

Nyumba yawo inalibe magetsi kapena madzi a m'mpopi. Chipatala chapafupi chinali m'tauni ya Peace River, mtunda woposa makilomita 100. Nyengo yozizira kuderali kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, moti khungu losaphimba limawonongeka m'mphindi zochepa. Kukafunda, njira zinkasanduka matope, mitsinje nkusefukira, udzudzu nkuchuluka. Munthu akagogoda pakhomo pakati pa usiku kuti mkazi wake wayamba kudwala, mayiwa ankamanga chishalo pa kavalo nkumutsata. Ndipo tisaiwale kuti nthawi imeneyo mankhwala a penisilini kunalibe. Anayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1940. Mwana akagwidwa ndi chibayo, chimene akanachita ndi kukhala pambali pake, kumufunditsa, kumumwetsa madzi, kudikira kuti kuche.

Pano ndi pamene ndikufuna tiimepo. Tsiku lina kunabwera mlimi wina, Frank Jackson, dzanja litatupa ndi bala lonyeka. Anali bambo wofedwa, wa ana atatu. Mayi Mary anachiza dzanjalo, ndipo mu 1931 awiriwa anakwatirana nkusamukira kumpoto kwenikweni, ku Keg River, kumene anthu ambiri anali a mtundu wa Métis, mbadwa za eni dziko osakanikirana ndi azungu. Atasamuka, ntchito yawo ya m'boma inatha, malipiro nawo anaima. Tsopano anali mayi wapabanja, wolera ana a mwamuna wawo, kenako nkubereka awo awiri, wogwira ntchito za pafamu. Palibe akanawadzudzula akanatseka chikwama cha mankhwala nkuchiika pansi pa bedi.

Sanatero. Anthu a ku Keg River analibe dokotala wina, ndipo chifuwa chachikulu chinkapululutsa mabanja. Odwala anapitiriza kubwera pakhomo, iwo anapitiriza kuwalandira, wolipira ndi wosalipira yemwe. Anachita zimenezi kwa zaka zoposa 40, mpaka anapuma chapakati pa zaka za m'ma 1970. Pa nthawi yonseyi iwo ndi amuna awo ankalimbikiranso kuti mudziwo ukhale ndi sukulu ndi zina zofunika, ndipo lero sukulu ya ku Keg River imatchedwa ndi dzina lawo. Ulemu waukulu wa boma unabwera mochedwa kwambiri: mphoto ya Alberta Order of Excellence anailandira mu 1983, ali pafupi zaka 80, ndipo ya Order of Canada inabwera pambuyo pakenso. Anamwalira mu 2000 ali ndi zaka 95.

Abale ndi alongo, ine chimene chimandigwira mtima si kavalo kapena chisanu. Ulendo woyamba uja, wa mtsikana wa zaka 24, achinyamata ambiri angathe kuuyenda. Magazi akadali otentha, zachilendo zimakoma. Chimene chimandigwira ndi chaka cha 1931 ndi zaka zonse zotsatira, pamene panalibenso bwana wowafunsa ngati apita kuntchito, panalibe malipiro a pamwezi, panalibe wowaona. Pamenepo m'pamene pamaoneka ngati munthu anali pa ganyu chabe kapena anaitanidwa.

Sindikunena kuti wantchito asalipidwe, ayi. Ambuye Yesu mwini anati wantchito ayenera kulandira malipiro ake, ndipo namwino amene akudandaula kuti ndalama yachedwa kapena kuti mankhwala atha m'chipatala sakuchimwa. Kumana anthu otere zoyenera zawo n'kulakwa, ndipo mpingo usamachite manyazi kunena zimenezi. Koma palinso mafunso amene aliyense wa ife ayenera kudzifunsa yekha. Udindo utachoka, chifundo changa chingatsale? Atasiya kunditchula dzina pa zolengeza za m'tchalitchi, kodi ndingapitebe kukazonda wodwala uja? Tilipo ena amene tinali akhama pamene tinali mcheyamani kapena msungichuma, koma chisankho chitangodutsa tinazimiririka, ngakhale pamaliro sitionekanso.

Paulo sanati tisayambe kutopa m'thupi. Thupi limatopa, ndipo Mulungu akudziwa kuti ndife fumbi. Eliya anatopa nagona pansi pa kamtengo, ndipo mngelo sanamukalipire, anamupatsa mkate ndi madzi nkumulola agonenso. Chimene Paulo akuletsa ndi kutaya mtima, kufika ponena kuti zabwino zilibe phindu, ndatumikira mokwanira, aliyense azionere yekha. Kutaya mtima kotere sikubwera tsiku limodzi. Kumalowa ngati chiswe m'nsichi: kunja nyumba ili chiimire, m'kati mwatha.

Taonani Dorika pa Machitidwe 9. Luka sanalembe ulaliki wake ngakhale umodzi. Atamwalira ku Yopa, amasiye anaimirira pafupi ndi Petro akulira, nkumamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Umboni wake unali pa matupi a anthu. Chovala chilichonse chinatenga masiku, singano kulowa ndi kutuluka, popanda woombera m'manja. N'chifukwa chake mpaka lero amayi ena m'mipingo yathu amatchedwa ndi dzina lake, ndipo pamodzi ndi a Mvano, a Chigwirizano ndi ena, ndiwo amene timawapeza ku chipatala atanyamula phala, ndiwo amagona pa siwa, ndiwo amatsuka mbale anthu onse atabalalika.

Timapempherera moyo wautali, ndipo n'koyenera. Koma zaka pazokha ndi chiwerengero chabe. Salimo 92 limanena za olungama kuti ngakhale atakalamba adzabalabe zipatso. Inu agogo amene mukuwerenga mawuwa, kapena amene mdzukulu akukuwerengerani pa foni, musanene kuti nthawi yanu inatha. Miyendo ingakane kukafika kumudzi wina, koma pakhomo panu pangathe kukhala pofikira mtsikana amene banja likumuvuta, kapena mwana wamasiye amene alibe womufunsa ngati wadya.

Ndipo inu amene mukutuluka kumene mu shifiti ya usiku, kaya ndi pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kaya m'nyumba yosamalira okalamba ku Britain, kaya mwakhala miyezi mukudwazika mayi anu m'nyumba popanda wokulandirani, ndimeyi ndi yanu. Mwina munthu amene mwamusambitsa usiku uno sakukudziwaninso dzina. Mwina achibale amene sabwera nkomwe ndiwo amayamba kukudzudzulani. Yesu anati chimene munachitira mmodzi wa abale anga aang'onong'ono awa munachitira Ine. Sanati chimene munachita anthu akuona. Pitani mukagone, mudye, mupemphe wina akuthandizeni, pakuti kupempha thandizo si kufooka m'chikhulupiriro. Ifenso amene tili pafupi ndi anthu otere tisamangowauza kuti Mulungu akudalitseni. Tikawalandire tsiku limodzi kuti apume.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani potidzutsa ndi moyo. Tikukuthokozani chifukwa cha anamwino, azamba, madokotala ndi alangizi a zaumoyo amene akugwira ntchito kutali ndi tauni, ena opanda magetsi, ena opanda mankhwala okwanira. Apatseni mphamvu lero, ndipo mukhudze mitima ya amene ali ndi udindo wowasamalira. Kumbukirani amayi amene akulera ana osabereka okha, ndi onse amene akudwazika matenda a mgonagona. Kumbukirani okalamba athu amene akhala okha m'nyumba. Kwa amene mtima wayamba kuzizira, utsitsimutseni. Tionetseni munthu mmodzi woti timuyendere dzuwa lisanalowe, ndipo mutipatse miyendo yopitira. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.