Tsache ndi belu la ku Hiram

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Luka 16:10, pomwe Yesu akutiuza kuti wokhulupirika pa chaching'ono amakhulupirikanso pa chachikulu.

M'chaka cha 1851, pasukulu ya mpingo wa Disciples of Christ m'tauni ya Hiram, ku Ohio m'dziko la America, panafika mnyamata wopanda ndalama ya fizi. Dzina lake James Garfield. Bambo ake anamwalira iye asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo mayi ake, a Eliza, anatsala okha ndi munda komanso ana. Ali ndi zaka 16 anachoka pakhomo kukagwira ganyu yokusa nyulu zokoka maboti m'ngalande. Sanakhalitseko, malungo anamubweza kwawo ali lefu. Mayi anamudwazika, ndipo atachira anamuchonderera kuti abwerere kusukulu. Mu 1850 anapereka moyo wake kwa Yesu n'kubatizidwa mumtsinje wa Chagrin.

Ku Hiram anapempha ntchito yoti azilipirira maphunziro. Anamupatsa tsache ndi chingwe cha belu. Kumeneko nyengo yozizira madzi amachita kuuma gwa. Anzake akadali m'bulangete, iye wadzuka kale, wasesa makalasi, wakoleza moto, waliza belu. Akatero n'kusasa fumbi m'malaya, kukakhala benchi limodzi ndi ana omwe wawasesera aja, onse akudziwa kuti wosesa ndi uyu. Ine mtima wanga umakhala pamenepa, chifukwa manyazi a ntchito yonyozeka aletsa ambiri a ife kulowa pakhomo lomwe Mulungu anatsegula.

Atamaliza maphunziro ku Williams College mu 1856, anabwerera ku Hiram komweko kukaphunzitsa Chigiriki ndi Chilatini, ndipo chaka chotsatira anakhala mkulu wa sukuluyo. Lamulungu ankalalikira m'mipingo yozungulira. Mu 1861 anakhala loya, anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ku mbali ya boma la America, yomwe inkatchedwa Union, ndipo kuyambira 1863 anali phungu ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kwa zaka zoposa 17. Kumeneko sanaiwale choko: anatsogolera lamulo lomwe linakhazikitsa nthambi ya boma yoona za maphunziro mu 1867.

Ena akanaimira apa n'kunena kuti sesani lero, mawa mudzakhala pulezidenti. Zoonadi, Garfield analumbirira upulezidenti wa dziko la America pa 4 March 1881, mayi ake aja akuonerera. Koma pa 2 July chaka chomwecho munthu wina dzina lake Charles Guiteau anamuwombera pa siteshoni ya sitima ku Washington, ndipo pa 19 September anamwalira ali ndi zaka 49. Mpando waukuluwo anakhalapo miyezi 6 yokha ndi masabata awiri, pafupifupi theka lake ali chigonere ndi bala.

Ndiye moyo wa munthu ameneyu unali kuti? Unali m'zaka zomwe ife tikanazitcha zodikira: pa tsache, pa bolodi, pa guwa la katchalitchi kakumudzi. Akanazigwira mwaulesi ponena kuti nthawi yanga sinakwane, akanafika pamaso pa Mulungu ndi chiyani? Yesu sakuti chaching'ono ndi makwerero chabe opitira ku chachikulu. Akuti mtima womwe mukugwira nawo chaching'onocho ndi mtima wanu weniweni, ndipo Mulungu akuuona lero lomwe.

Inu amene mukupita kukakolopa ofesi ya ena m'mawa uno muli ndi satifiketi m'chikwama, inu aphunzitsi a kalasi yodzadza, inu mayi wamasiye amene mukuwerenga makobidi a fizi, ntchitoyo si chilango.

Tipemphere. Atate, tichotsereni manyazi ndi kung'ung'udza. Tipatseni manja okhulupirika pa ntchito yomwe mwatipatsa lero, ngakhale palibe wotiyamikira. Kumbukirani amasiye ndi ana omwe akusowa fizi, muwatsegulire njira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.