Mulanje si volcano abale! Nanga granite wake anachokera kuti?

Takulandiraninso abale anga. Mwala uli pa Mulanje uja sunalavulidwe ndi volcano, komanso sunabwere chifukwa choti makontinenti anagundana ayi. Nde unachokera kuti? Musathawe, yankho lili kutsogoloku, ndipo amene simunapange subscribe dinani kabatani kaja pompano, ndi kaulere.

Zoyambira tithamange nazo. Granite ndi magma, kapena kuti miyala yosungunuka ndi kutentha, yomwe inazizira pansi pa nthaka, mkati mwake muli quartz, feldspar ndi timadontho takuda. Wambiri amapangika pomwe zigawo za dziko zikukankhana n'kukweza mapiri ngati Andes ndi Himalaya. Mu 1974 akatswiri a miyala Chappell ndi White a ku Australia anamugawa pawiri, I-type ndi S-type, potengera miyala yomwe inasungunuka. Koma panatsala gulu lina lamakani, lopezeka pakati pa kontinenti kopanda zogundana, kawirikawiri pomwe nthaka ikukokeka n'kung'ambika. Mu 1979 akatswiri ena, Loiselle ndi Wones, analitcha A-type, ndipo granite wa pa Mulanje ali mu gulu limeneli. Magma yake ndi yotentha kwambiri, mpaka cha m'ma 900°C, madzi ochepa, iron, sodium ndi potaziyamu zambiri. Basi.

Tsopano nkhani yomwe imandiwawa. Mu makomenti simutha kulemba kuti Mulanje ndi volcano yogona, tsiku lina idzadzuka. Ayi ndithu! Tolani mwala kumeneko muuyang'ane, timiyala tamkati mukutiona ndi maso, tina takulutakulu ndithu. Chiphalaphala chotuluka panja chimazizira msanga nde timiyala sitipeza mpata wokula, mwala umakhala wosalala mkati ngati basalt, mwala wakuda wa ku volcano. Kuti tikule chonchi pamafunika magma ikhale pansi yofundidwa ndi miyala ina, izizizira pang'onopang'ono kwa zaka masauzande ambirimbiri. Mulanje, Zomba ndi Malosa ndi a banja limodzi lotchedwa Chilwa Alkaline Province, magma yake inalowa pansipo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo kontinenti yaikulu yakale ya Gondwana ikusweka. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa ya pamwamba ndi m'mbali, wolimbawo n'kutsala chiimire, ndi uyo Sapitwa pa mamita 3,002. Phirili silinakankhidwe m'mwamba ndi kuphulika, chigwa ndi chomwe chinadyeka. Kaya pamwamba pake kalelo panali ka volcano, kanakokoloka kalekale, zomwe mukukwera inu ndi za pansi. Wina ati nanga mkokomo uja wa Napolo? Zomwe zinachitika ku Phalombe mu 1991, ndi nthawi ya Freddy mu 2023, ndi madzi, dothi ndi miyala kugumuka pa phiri mvula itachuluka, ngozi yeniyeni yomwe inatenga miyoyo, koma magma mulibemo. Mukufuna volcano yeniyeni pitani ku Rungwe, kufupi ndi Mbeya ku Tanzania. Ndipo a geology musandikalipire, ndikudziwa Mulanje wambiri ndi syenite, mbale wake wa granite wa quartz yochepa, koma granite aliponso.

Ngati mwaphunzirapo kanthu ponyani like, imathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena. Tsopano magwero a magma ya A-type, pali maganizo atatu.

Choyamba, mantle, gawo la miyala yotentha lomwe lili pansi pa makontinenti. Pomwe kontinenti ikupyapyala, mantle imakwera n'kusungunuka pang'ono, kutuluka basalt. Basalt ija ikaima m'njira, miyala yolemera ngati olivine ndi pyroxene imayamba kuuma n'kutsalira, chamadzi chotsalacho chimanka chichulukira silica (chomwe chimapanga quartz), sodium ndi potaziyamu mpaka kukhala syenite kenako granite. Vuto lake ndi masamu, basalt wochuluka zedi amangobala granite pang'ono, nde pamalo aakulu ngati granite wotchedwa rapakivi wa ku Wiborg, m'malire a Finland ndi Russia, wa zaka pafupifupi 1.6 biliyoni, anthu amafunsa kuti zotsalira zonsezo zili kuti.

Chachiwiri, pansi pa kontinenti penipeni. Basalt yemweyo amangoyala pansi ngati moto pansi pa poto, n'kusungunula miyala youma ya m'munsi. Mu 1982 Collins ndi anzake anati ndi miyala yomwe inatulutsapo kale granite kamodzi, madzi anapita, nchifukwa chake pamafunika kutentha koopsa kuti isungunukenso. Ena anakana, akuti mwala wofinyidwa kale potaziyamu angautenge kuti, bwino tonalite kapena granodiorite, abale ake a granite, wosungunuka pafupi ndi pamwamba. Ine apa ndili mbali ya otsutsawo.

Chachitatu, zonse ziwiri kusakanikirana. Ma isotope (mitundu ya maatomu yosiyana kulemera) a strontium ndi neodymium nthawi zambiri amaloza komweko.

Mu 1992 Nelson Eby anayesa yttrium ndi niobium n'kugawa gulu la A-type pawiri. A1 imafanana ndi magma ya mantle ya m'malo ong'ambika, A2 ili ndi fungo la kontinenti yakale. Ya ku Chilwa imagwera ku A1, pamodzi ndi Younger Granites a ku Jos ku Nigeria komwe akhala akukumba tin kwa zaka zambiri.

Vidiyo ikubwerayi tipita ku Kangankunde ndi ku Songwe Hill, banja lomweli la Chilwa koma mwala wina, carbonatite, komwe kuli ma rare earth aja mukuwamva pa nkhani. Dinani kabelu, ndipo a ku Mulanje ndi Phalombe lembani mu komenti mukuonera muli kuti.